Nsomba imene ndinkafuna kuibweza pansi pa nyanja inandigwetsa pa kayaki

Ndalemba izi chifukwa cha abale amene akukhala m'mbali mwa nyanja ya Pacific, kuyambira ku California mpaka ku Alaska, ndipo akulakalaka kugula kayaki, kabwato kopapatiza kopalasa ndi nkhafi, kuti azikawedza rockfish, nsomba zokhala m'miyala ya pansi pa nyanja, monga amachitira eni dera. Ine ndimakhala ku Salem, m'chigawo cha Oregon ku United States, ndipo ndimalowera m'nyanja pagombe la Pacific City, m'munsi mwa Cape Kiwanda. Munthu akamayamba, malangizo ambiri amene amalandira amakhudza kugwira nsomba: mbedza yoyenera, nyambo yoyenera, malo abwino. Za kubweza nsomba imene lamulo silikulolani kuisunga amangozitchula modutsa, chonsecho mphindi zochepa za ntchito imeneyo ndi zimene zili zoopsa koposa, kwa nsombayo komanso kwa munthu amene wakhala pa kabwato kopapatiza pamwamba pa madzi ozizira.

Ndinakulira ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato popanda womukhazika pansi n'kumuphunzitsa, choncho ndinafika kuno ndikukhulupirira kuti madzi ndimawadziwa. Kumayambiriro kwa 2022 ndinagula kayaki yakale kwa munthu wina amene ankasamuka, ya mtundu wokhalira pamwamba, yotalika mamita 4, pamtengo wa madola 600 pamodzi ndi nkhafi ndi jekete loyandamitsa. Pogula laisensi, wogulitsa m'sitolo anandiuza kuti kuyambira mu 2017 lamulo la Oregon limafuna kuti bwato lililonse lowedza nsomba za pansi likhale ndi chipangizo chobwezera nsomba kuya, chimene amachitcha descending device, ndipo kayaki nayo imawerengedwa ngati bwato. Ndinasankha chotchipa kwambiri, kawaya kopindidwa ngati mbedza yozondoka koma yopanda kadzino kaja kamene kamakola nsomba, pamtengo wosakwana madola 10. Ndinakaika m'chipinda chosungiramo katundu chakutsogolo kwa kayaki kali m'pepala lake, popeza m'maganizo mwanga kanali kanthu koonetsa woyang'anira malamulo akafunsa. Dziwani kuti mukakhala pampando pakati pa mafunde, chipinda chakutsogolocho simungachifikire popanda kukwawa pamwamba pa kayaki, ndipo chilichonse chimene mwaika mmenemo chili ngati mwachisiya m'galimoto.

Miyezi yoyamba inayenda bwino, ndipo kuyenda bwinoko ndi kumene kunandisocheretsa. Ndinkawedza pafupi ndi Haystack Rock, thanthwe lalikulu limene laima m'nyanja pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka kuchokera pagombe, m'madzi akuya mamita 10 mpaka 15. Kumeneko kumapezeka black rockfish zambiri, zoyenda m'magulu, zimene nthawi zambiri sizikhala pansi penipeni, ndipo ndikagwira yaing'ono ndinkangoiwonjola pa mbedza, iyo n'kumira yokha nthawi yomweyo. Lingcod ndi cabezon, nsomba zina za pansi zimene si rockfish, nazo sizinkavuta chifukwa zilibe kathumba ka mpweya m'mimba mwawo. Ndinayamba kuona ngati lamulo la chipangizo chija analiikira eni mabwato akuluakulu amene amapita kutali.

Chakumapeto kwa chilimwe cha chaka chomwecho ndinapalasa motalikirapo, kukafika pamiyala ya pansi yakuya mamita 25 kapena kupitirira, ndipo ndinakoka nsomba yofiirira, ya mawanga achikasu chakumutu, ya minga yaitali kwambiri pamsana. Inali quillback, mtundu wina wa rockfish, imene Oregon anali ataletsa kusunga kuyambira chaka chimenecho. Itafika pamwamba ndinachita mantha ndi maonekedwe ake: maso anali atatong'oka, thupi lili gwaa, ndipo m'kamwa munali mutatuluka chinthu chofiira chotupa chimene poyamba ndinkachiyesa lilime. Ndinaiwonjola n'kuiponya m'madzi monga mwa masiku onse, koma inangoyandama chagada, zipsepse zikugwedezeka, ikulephera kumira. Mphepo inaikankhira kutali ndi ine, ndipo mbalame za m'nyanja zinaitera ndisanaganize n'komwe zokwawira kutsogolo kukatenga kawaya kaja. Ndinapalasa kubwerera kumtunda mtima uli wolemera, chifukwa lamulo ndinali nditalisunga, nsomba ndinali nditaibweza, koma inafa chimodzimodzi ngati ndikanaiika m'bokosi la ayezi.

Chimene chimachitika n'chakuti madzi amapanikiza chilichonse chimene chili mkati mwake, ndipo pa mamita 10 alionse mphamvu yopanikizayo imawonjezeka ndi mlingo wofanana ndi wa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. Pa mamita 30, nsomba imakhala ikupanikizidwa kanayi kuyerekeza ndi pamwamba. Rockfish ili ndi kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kukhazikika pamalo amodzi m'madzi, ndipo kathumbako n'kotseka, kalibe njira yotulutsira mpweya kukamwa. Mukaikoka kuchokera pa mamita 30, mpweyawo umafufuma mpaka kanayi, umang'amba kathumbako, umadzaza m'mimba n'kukankhira chifu kunja kudzera kukamwa, ndipo wina umalowa kuseri kwa maso. Chofiira chimene ndinachiona chija chinali chifu. Kukoka pang'onopang'ono sikuthandiza, chifukwa thupi la nsombayi limafuna maola ambiri kuti lichotse mpweya wowonjezekawo kudzera m'magazi. Asodzi a kwathu amene amakoka ndunduma m'madzi akuya amaziona nsomba zotupa mimba zoterezi, koma kumeneko nsomba iliyonse imapita mumphika, motero funso la kuibweza silibwera.

Pali asodzi amene angakuuzeni kuti mubaye chotupacho ndi singano kapena ndi nsonga ya mbedza kuti mpweya utuluke. Musawamvere. Mukabaya chimene chatuluka m'kamwa ndiye kuti mwaboola chifu, ndipo ngakhale kubaya m'nthiti, kumene ena amachita pofuna kupeza kathumba ka mpweya, kumavulaza ziwalo zina ndi kulowetsa matenda, makamaka pa kayaki yogwedezeka pamene dzanja silingalunjike. Nsombayo imamira mukuiona, inu n'kusangalala, koma imakafera pansi. Musayesenso kukankhira chifucho m'kati ndi chala. Nsomba ikabwerera kuya, madzi amaupanikizanso mpweya uja, chifu chimabwerera m'malo mwake, ndipo maso amalowa.

Nditafika pagombe tsiku limenelo ndinakumana ndi mayi wina wa nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire ku Oregon, amene ntchito yawo ndi kuyeza nsomba zimene asodzi abweretsa ndi kufunsa za zimene abweza. Anandifunsa mtundu wa nsomba imene ndinabweza, kuya kwa madzi, komanso ngati ndinagwiritsa ntchito chipangizo. Nditawayankha zoona, sanandikalipire, koma anandifotokozera mwaulemu kuti nsomba zoletsedwa zimene zimafa pambuyo pobwezedwa zimawerengedwa pa malire a chaka amene chigawo chonse chapatsidwa, ndipo nsomba yotsitsidwa ndi chipangizo imawerengedwa kuti ili ndi mwayi waukulu wopulumuka kusiyana ndi yoponyedwa pamwamba. Malirewo akakwana, boma limatseka usodzi kwa aliyense, monga linachitira mu Seputembala 2017 pamene linaimitsa kuwedza nsomba za pansi nyengo isanathe. Nsomba imene ankaidera nkhawa kwambiri inali yelloweye, rockfish ya maso achikasu, imene boma la United States linalengeza mu 2002 kuti yachepa kwambiri chifukwa chowedzedwa mopitirira muyeso. Imakhala ndi moyo zaka zoposa 100, imayamba kubereka itakwanitsa zaka pafupifupi 20, ndipo mwa rockfish zazikazi, zokalamba ndi zimene zimabereka ana ambiri komanso amphamvu. Kafukufuku wa ku California anasonyezanso kuti nthawi imene nsomba yakhala pamwamba ndi yofunika kwambiri: pa mphindi 10 zilizonse zochedwa, mpata woti ifa umawonjezeka pafupifupi kawiri.

Mawu amenewo ndinawamva, koma kukonzekera kwanga kunali kwa theka. Ndinachotsa kawaya kaja m'pepala, ndinakamangirira ku chingwe chokhuthala chimene ndinachikulunga pa kathabwa, ndipo ndinapachikapo mtovu wolemera theka la kilogalamu. Ndinachiyesa pa black rockfish zazing'ono m'madzi osaya ndipo chinagwira ntchito, choncho ndinakhutira. Sindinadzifunse kuti nsomba yaikulu yodzaza mpweya ingafune mtovu wolemera bwanji, ndiponso sindinaganizire kuti chingwe cha mamita 30 chikamasulidwa pa kathabwa chimagwera kuti pa kayaki, pamene malo okhawo opezeka ali pakati pa miyendo ya wopalasa.

Tsiku la ngoziyo linali la m'mwezi wa Julayi 2023. Ndinapita ndi bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene anayamba kuwedza pa kayaki kalekale, aliyense pa kayaki yake. Zanyengo za NOAA, bungwe la boma loona za nyengo ndi nyanja, zinanena kuti m'mawa kukhala bata koma mphepo ya kumpoto chakumadzulo idzakula masana, monga imachitira nthawi zambiri m'chilimwe pagombe limeneli. Mphepo yomweyo ndi imene imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi mtunda, madzi ozizira a pansi n'kukwera, motero m'mwezi wotentha kwambiri pamtunda nyanja imakhala pa madigiri 10 kapena kucheperapo. Bambowo anavala drysuit, chovala chotseka m'khosi ndi m'mikono chimene sichilowa madzi, ndipo atandiona ndi thalauza wamba ndi jekete la mvula pansi pa jekete loyandamitsa, anandichenjeza kuti munthu amavalira madzi, osati dzuwa. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndikugula mwezi wamawa, yankho limene ndinali nditawapatsapo kale. Wailesi yanga ya VHF, yolankhulirana ndi mabwato ena panyanja, inali m'chikwama kumbuyo kwa mpando, pamodzi ndi foni ndi mpeni.

Cha m'ma 11 koloko, titafika pamiyala yakuya mamita 35, ndinamva kulemera pa ndodo, ndipo ndinaganiza kuti ndi lingcod yaikulu. Chakumapeto kwa kukokako nsombayo inasiya kulimbana n'kuyamba kukwera yokha, chingwe chikulefuka, chimene ndi chizindikiro chakuti mpweya wafufuma kale. Inatumphuka pambali pa kayaki, yofiira mopita ku olenji, mutu wake uli ndi mizere yokakala, maso achikasu owala atatong'oka, yotalika pafupifupi masentimita 60. Inali yelloweye, ndipo mosakayikira inali yaikulu msinkhu kuposa ana anga onse. Anthu ambiri amaisokoneza ndi rockfish zina monga canary, imene ili ndi mzere wotuwa woonekera bwino m'mbali mwa thupi, kapena ndi vermilion, imene chibwano chake n'chokakala mukachisisita, koma pa iyi panalibe chokayikitsa. Ndinakumbukira za mphindi 10 zija, ndipo changu chinandigwira.

Ndinalowetsa kawaya m'kachikopa kofewa ka chibwano, ndinaponya mtovu, koma nsombayo inangozondoka mutu pansi, mchira uli pamwamba, osamira. Theka la kilogalamu silinali kanthu pa mpweya umene unali m'mimba mwake. Ndinaikokeranso pafupi kuti ndiwonjezere kulemera, ndipo popeza ndinalibe mtovu wina wokonzeka, ndinayamba kudula nyambo zachitsulo pa ndodo zanga n'kumazimangirira pamodzi ndi zala zonjenjemera. Pamene ndinkaigwira ndi dzanja lamanzere lopanda golovesi, inagwedezeka ndipo munga wa pamsana unandilowa m'chikhatho. Minga ya rockfish ili ndi ululu wochepa, wosapha munthu, koma kupweteka kwake kunakwera mpaka m'chigongono. Nthawi yonseyi maso anga anali pa nsomba, nkhafi ili pa miyendo, ndipo sindinaone kuti mphepo yayamba ndiponso kuti kayaki yatembenuka n'kupereka nthiti kumafunde. Chingwe chimene ndinali nditamasula pa kathabwa chinali chitaunjikana pamapazi. Nditaweramira kumanja kuti ndikankhire nsombayo pansi ndi manja onse awiri, mutu ndi mapewa zili kunja kwa kayaki, funde linadzutsa mbali ya kumanzere ndipo ndinagubudukira m'madzi.

Kuzizira kwa madzi a madigiri 10 sikufanana ndi chilichonse chimene munthu wokulira m'madzi ofunda amachidziwa. Chifuwa chinakoka mpweya chokha, mosandifunsa, ndipo ndinameza madzi amchere. Kwa kanthawi sindinathe kufuula kapena kuganiza, ndinkangopuma mwawefuwefu nditakangamira m'mbali mwa kayaki yozondoka. Akatswiri a ngozi za m'madzi ozizira amaphunzitsa kuti mphindi yoyamba ndi yongolimbana ndi kupuma, kenako munthu amakhala ndi mphindi pafupifupi 10 zimene manja ake angagwire ntchito, ndipo zimenezi ndinaziona zikuchitika pathupi langa. Kupuma kutakhazikika ndinamva chinthu chikukoka mwendo wanga wamanja: chingwe chija chinali chitazenga pakakolo, ndipo kumapeto kwake kunali mtovu, nyambo zachitsulo zokhala ndi mbedza zake, ndi nsomba. Mpeni unali m'chikwama, pansi pa kayaki. Jekete loyandamitsa ndi limene linandisunga pamwamba pamene ndinkamasula chingwecho ndi dzanja limodzi, ndipo ndinachita kuvula nsapato kuti chichoke.

Kayaki ndinaitembenuza, koma kukweramo kunandikanika. Ndinali ndisanayesepo chiyambire, ndipo zovala zonyowa zinkandikokera pansi nthawi iliyonse imene ndaika chifuwa pampando, kayaki n'kupendekeka kundibwezera m'madzi. Zala zinayamba kukana kupinda. Chinthu chokhacho chimene chinali pathupi langa chinali wezulo yomangiriridwa ku jekete, imene inabwera ndi jeketelo pogula, ndipo ndinailiza mpaka bambo aja anatembenuka. Anapalasa molimbana ndi mphepo, anagundanitsa kayaki yawo ndi yanga n'kuigwira mwamphamvu mbali inayo, ndipo anandiuza kuti ndigone chafufumimba pamwamba pa madzi, miyendo kumbuyo, ndidzikoke ngati munthu wotuluka m'dziwe losambira. Ndinakwera, koma thupi linkanjenjemera moti nkhafi sindikanaigwira. Iwo anaitana pa wailesi yawo, imene inali pachifuwa pawo, pa tchanelo 16, yoitanirapo thandizo pangozi, ndipo bwato lina la injini la mtundu wa dory, mwa mabwato amene amanyamukira pamchenga wa Pacific City, linali pafupi ndipo linanditenga pamodzi ndi kayaki yanga. Yelloweye ija ndinaiona komaliza ikuyandama patali, chingwe chili lendelende.

Zimene ndinataya ndi izi: ndodo ziwiri ndi zokulungira chingwe zake, zimene sindinazimangirire ku kayaki, za madola pafupifupi 350, foni imene inalowa madzi amchere, ndi batire ya chipangizo choonera pansi pa madzi. Chikhatho chinatupa usiku womwewo. Ndinachiviika m'madzi otentha amene dzanja lingapirire, monga amalangizira pa minga ya nsomba zamtunduwu, ndipo ululu unachepa, koma kutupa kutapitirira ndinapita kuchipatala kumene anachotsa kachidutswa ka munga, anandibaya katemera wa kafumbata ndi kundipatsa mankhwala. Ngakhale ndili ndi inshuwalansi, ndinalipira madola oposa 200 kuchokera m'thumba, ndipo ntchito yanga, imene imafuna manja, ndinajomba kwa sabata yathunthu. Mayi a kunyumba sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, mukanapanda kubwera, ndikanawauza chiyani amayi kumudzi, kuti munafera nsomba imene simukanadya n'komwe?" Funso limenelo linandipweteka kuposa munga, ndipo chaka chimenecho sindinabwererenso kunyanja.

Ndinaganizapo zogulitsa kayakiyo. Chimene chinandibweza chinali kuona kuti nyanja sinandichite chachilendo chilichonse tsiku lija: mphepo inabwera pa nthawi imene inanenedwa, mafunde anali apakati, ndipo vuto lonse linali m'zinthu zimene zikanakonzedwa pamtunda usiku wake. M'nyengo yozizira ndinasunga ndalama n'kugula drysuit ya madola 800, mtengo woposa wa kayaki yeniyeniyo, ndipo sindikudandaula. Nyengo yozizirayo itatha, bambo aja anapita nane ku Detroit Lake, kum'mawa kwa Salem, kumene ndinkadzigwetsa dala m'madzi n'kumakwera, poyamba kayaki ili yopanda kanthu, kenako ili ndi katundu yense, mpaka thupi linazolowera. Musalowe m'nyanja yamchere musanachite zimenezi. Wailesi, mpeni waufupi wosasongoka ndi wezulo tsopano zimakhala pa jekete, chifukwa chimene chili pa kayaki si chanu mukagwa.

Pa nkhani ya kubweza nsomba, ndinasiya chingwe cha pamanja. Ndili ndi ndodo yaifupi yolimba, yokhala ndi chokulungira chachikulu ndi chingwe chokhuthala, imene ntchito yake ndi imodzi yokhayi, ndipo imaima kumbuyo kwa dzanja langa lamanja chipangizo chili chomangirira kale ndisanachoke pamchenga. Chingwe chonse chimakhala m'chokulungira, palibe chogwera pamapazi. Pamakhala mtovu wa kilogalamu imodzi, ndipo wina wa kilogalamu imodzi ndi theka umakhala m'kathumba pakati pa miyendo, uli ndi kokolera koti ndingoukoleka ndi dzanja limodzi nsomba ikakhala yaikulu. Zipangizo zilipo za mitundu itatu. Kawaya kozondoka kaja n'kabwino ndipo sikawonongeka, koma kamafuna kuti mtovu utsike osaima, chifukwa chingwe chikakokeka msanga nsomba imavuka isanafike kuya. Pali chomana chibwano, monga SeaQualizer, cha madola pafupifupi 60, chimene chimatseguka chokha chikafika pa mamita 15, 30 kapena 45 malinga ndi mmene mwachitchera, ndipo pa kayaki ndimaona kuti chimenechi n'chimene chili chosavuta, popeza chikamana nsomba manja anu amamasuka. Palinso kreti ya pulasitiki yozondoka yomangiriridwa zitsulo, imene imathandiza pa mabwato akuluakulu, koma pa kayaki imadya malo ndipo kuikoka kuchokera pansi kungakupendeketseni.

Dongosolo lake ndi ili. Ndikangomva chingwe chikulefuka nsomba isanafike, ndimayamba ndalozetsa mutu wa kayaki kumafunde, kenako ndimatsitsa miyendo m'madzi, wina mbali iyi wina mbali inayo, kuti kayaki ikhazikike. Nsombayo sindiikweza m'kayaki ayi. Ndimaigwira chibwano ili m'madzi ndi chogwirira nsomba, nditavala magolovesi, ndimaiwonjola ndi pulayazi, ndimamanitsa chipangizo pachibwano cha m'munsi mosamala kuti ndisakhudze chifu, kenako ndimatsitsa mtovu poyamba, nsomba n'kutsatira mutu uli pansi. Mutu wanga sutuluka kunja kwa m'mbali mwa kayaki, manja okha ndi amene amatuluka. Ndinaphwanya timano tokolera pa mbedza zanga zonse ndipo pamiyala yakuya ndimagwiritsa ntchito mbedza imodzi yokha, chifukwa nsomba ziwiri zotupa nthawi imodzi munthu mmodzi sangazikwanitse. Zonsezi zimatha mphindi ziwiri zisanakwane, ndipo chithunzi sindijambula. Ngati simungathe kuifikitsa pamene munaigwira, yesetsani kuti ipitirire mamita 20, popeza mpweya umasintha kukula kwambiri m'mamita oyandikira pamwamba. Konzekeraninso kutopa, chifukwa kukoka makilogalamu awiri ndi theka a mtovu kuchokera pa mamita 30 muli chokhala si ntchito yamasewera.

Yelloweye yotsatira ndinaigwira m'chilimwe cha 2024, yocheperapo, idakali ndi mizere iwiri yoyera imene zazing'ono zimakhala nayo m'mbali. Mtima unagunda monga tsiku lija, koma manja anapeza chilichonse pamalo ake. Mtovu utafika chapakati pa ulendo ndinamva ndodo ikugwedezeka, kusonyeza kuti nsombayo yatsitsimuka ndipo yayamba kumenya mchira, kenako kulemera kunachepa chipangizo chitatseguka. Pa chipangizo choonera pansi ndinaona kamzere kakupatuka pa chingwe n'kulowera kumiyala. Ndinadikira kwa mphindi zingapo ndikuyang'ana pamwamba pa madzi, ndipo sinatumphukenso.

Chinthu chovuta kuchichita, ngakhale tsopano, ndi kuchoka pamalopo. Yelloweye ndi quillback zimakhala pamwala umodzi kwa zaka zambiri, ndipo mukagwira imodzi n'kutsitsanso mbedza pomwepo, kawirikawiri mudzagwira inzake. Chipangizo chimachepetsa imfa koma sichiithetsa, choncho ndikagwira nsomba yoletsedwa ndimakulunga chingwe n'kupalasa kupita kosaya, ngakhale pamwalapo pakhale lingcod zabwino chotani, ndipo masiku ena ndimabwerera kunyumba bokosi la ayezi lili lopepuka. Malamulo amasiyana malinga ndi kumene muli. Ku Oregon chipangizo chiyenera kukhala m'bwato, ndipo kuchigwiritsa ntchito n'kokakamiza mukamabweza rockfish kunja kwa mzere wosonyeza kuya kwa mafathomu 30, omwe ndi mamita pafupifupi 55, ngakhale kuti nsomba zimatupa m'madzi osaya kuposa pamenepo, monga quillback yanga ija. Washington inaika lamulo lokhala ndi chipangizo mu 2017, British Columbia ya ku Canada mu 2019, California mu 2024, ndipo ku Alaska kuyambira mu 2020 rockfish iliyonse yobwezedwa iyenera kutsitsidwa mpaka pamene inagwidwa kapena pa mamita 30, kutengera pamene pali posaya. Chiwerengero cha nsomba zololedwa ndi mitundu yoletsedwa zimasintha ngakhale pakati pa nyengo, motero muziwerenga tsamba la pa intaneti la nthambi ya zansomba ya m'dera lanu usiku woti mawa mukupita, nthawi yomweyo imene mukuona zanyengo ndi kumangirira mtovu pa ndodo yobwezera.